Kodi Mudagonjetsa Yani?

Chaka chatha timu ya mpira ya pasukulu ya mng'ono wanga, kwathu ku Malindi, idatenga chikho cha m'dera osagonjapo. Anthu adavina mpaka usiku. Nanenso ndidakondwa, koma mumtima ndidali ndi funso: kodi anyamatawa adagonjetsa yani? Timu ina idabwera yoperewera chifukwa osewera ake adali panyanja kupha usipa, ina sidafike n'komwe kaamba kosowa galimoto.

Funso lomweli limakhudzanso matimu akuluakulu. Nyasa Big Bullets idatenga ligi ya dziko lino kasanu motsatizana kuchokera mu 2018 mpaka 2023, koma kunja idagonja kwa Simba ya ku Tanzania mu 2022 ndi TP Mazembe ya ku Congo mu 2023. Ochemerera amanyadirabe chaka cha 2004, pomwe timuyi, ikutchedwa Bakili Bullets, idafika m'ndime ya m'magulu ya CAF Champions League, popeza idalimbana ndi akatswiri enieni.

Ena amati timu sisankha yosewera nayo. Izi n'zoona, ndipo anyamata athu asalandidwe ulemu wawo. Adachita mbali yawo. Koma tikawauza kuti palibe wowaposa, adzasiya kukonzekera. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Choncho ndikupempha aphunzitsi a zamasewero kuti chikho chisanachite fumbi, aitane matimu amphamvu a ku Mangochi boma kapena ku Zomba. Anyamatawa akagonja adzaona pofunika kukonza. Akapambana, tidzavina opanda funso mumtima.