Nzeru za kumisonkhano ya malaibulale zifike kumudzi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya malaibulale, nyumba zija timabwerekako mabuku. Ambiri a ife kumudzi kuno sitidziwa kuti anthu oyang'anira nyumbazi ali ndi mabungwe awo, ndipo amakumana ndi anzawo a m'maiko ena kuti agawane nzeru.

Bungwe lawo la dziko lonse lapansi ndi IFLA, limene linayamba m'chaka cha 1927 ku Edinburgh. Maiko a kum'mawa, pakati ndi kumwera kwa Africa ali ndi msonkhano wawo wotchedwa SCECSAL, umene unayambira ku Dar es Salaam mu 1974, ndipo mu 2014 unachitikira ku Lilongwe konkuno. Bungwe lathu la Malawi Library Association limakhala nawo pamisonkhanoyi. Zonsezi nzabwino, paja mutu umodzi susenza denga. Koma funso langa ndi lakuti, kodi nzeru zimene akatswiri athu amakatola kumeneko zimafika liti kwa mlimi wa ku Kasiya kapena kwa mwana wa Sitandade 6 wa ku Neno?

Tiyeni tione zimene anzathu anachita. Ku Botswana, mu 1986, anayambitsa zipinda zowerengeramo m'midzi. Sanadikire kuti apeze ndalama zomangira nyumba zazikulu ayi. Poyamba ankangobwereka kalasi pa sukulu ya pulaimale, ana akaweruka, kuti akuluakulu amene aphunzira kumene kulemba ndi kuwerenga azipezamo mabuku. Ku Zimbabwe, m'boma la Nkayi, mu 1995 anayamba kunyamula mabuku pa ngolo zokokedwa ndi abulu, kuzungulira nawo m'masukulu a kutali. Ku Kenya nako, cha ku Garissa, ankasenzetsa mabokosi a mabuku pa ngamira. Palibe chodabwitsa apa. Aliyense anagwiritsa ntchito chimene anali nacho pakhomo.

Kwathu kuno National Library Service inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 ndipo inayamba ntchito mu 1968. Ndiyamikire ndithu kuti ili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, komanso yakhala ikupereka mabuku m'masukulu. Koma munthu amene kwawo ndi ulendo wa tsiku lathunthu panjinga kuchokera pa boma sangasiye khasu kuti akabwereke buku limodzi, kenaka nkubwereranso kukalibweza. Nanga ngolo za ng'ombe zimene zili mbwee ku Mchinji, Kasungu ndi Mzimba, zingalephere kunyamula bokosi la mabuku kamodzi pamwezi?

Apa ndikufuna ndilankhule ndi inu abusa, ansembe ndi mashehe. Palibe dera m'Malawi muno lopanda tchalitchi kapena mzikiti, ndipo matchalitchi ambiri amakhala otseka masiku ambiri pakati pa sabata. Chofunika ndi kabati imodzi yokhala ndi loko, kope lolembamo maina a obwereka, ndi munthu mmodzi wokhulupirika. Aphunzitsi opuma tilipo ambiri, tikungowothera dzuwa. Pajatu anali a mishoni amene anayamba kutiphunzitsa kuwerenga. Ntchitoyo musaisiyire panjira.

Komabe kabati payokha si laibulale. Muikemo chiyani? Mabuku ambiri amene timalandira ndi mphatso zochokera kunja, monga ku bungwe la Book Aid International la ku Britain, limene linayamba mu 1954 ndi dzina lakuti Ranfurly Library Service. Tikuthokoza, ndipo ana a ku sekondale amapindula nawo. Koma pafupifupi onse ndi a Chingerezi. Pa zaka zimene ndinali mphunzitsi wamkulu ndinaona amayi atamaliza sukulu ya kwacha, akudziwa bwino kuwerenga, koma patapita zaka ziwiri atayiwala, chifukwa kupatula Baibulo ndi buku la nyimbo analibe china chowerenga m'chinenero chawo.

Apa ndiye pamene mgwirizano wa maiko ungatithandize koposa. Chinenero chathuchi sichithera pa Mchinji. Ku Chipata, ku Katete ndi ku Lusaka amalankhula Chinyanja, chimodzimodzinso ku Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Achikulire anzanga akukumbukira kuti kuyambira mu 1948 panali ofesi imodzi yosindikizitsa mabuku a Northern Rhodesia ndi Nyasaland yomwe, moti buku lolembedwa ku Lilongwe linkawerengedwanso ku Fort Jameson. Zimene zinatheka nthawi ya atsamunda zikulepherekeranji lero? Ana a ku Zambia awerenge Nthondo wa a Samuel Ntara ndi Sikusinja ndi Gwenembe wa a John Gwengwe, nafenso tiwerenge za alembi awo. Zoti iwo amalemba "c" pamene ife timalemba "ch" sizingalepheretse mwana kumva nkhani.

Choncho ndikupempha akuluakulu a Malawi Library Association kuti akakumananso ndi anzawo a ku Zambia, akapangane zosinthana mabuku a Chichewa ndi Chinyanja, ndi kusindikizanso akale amene anasowa m'masitolo. Ndipo akabwerako, chonde adzatiuze m'Chichewa, pa tsamba lino kapena pa wailesi, zimene akagwirizana kumeneko.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Ntcheu.