Tisankhe Khadi la Chipatala Tisanapume Ntchito

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, mwezi uno tifuna kunena za akuluakulu athu amene akubwerera kumudzi atagwira ntchito zaka zambiri m'makampani, m'masitolo ndi m'minda ya tiyi. Ena a iwo pokhala pa ntchito anali ndi khadi la inshuwalansi ya chipatala, limene bwana ankalipirako. Kawirikawiri khadi lija limatha tsiku lopuma ntchito, pa msinkhu womwewo pamene thupi liyamba kufuna dokotala. Ife tikuti munthu asankhe inshuwalansi yake asanatsazike ku ntchito, ndipo aisankhe poganizira matenda a ukalamba ndi chipatala cha kwawo.

Ena adzati, kodi chipatala cha Boma si chaulere? Inde nchaulere, ndipo tiyenera kuchiteteza. Koma tonse tidziwa kuti nthawi zina mankhwala amatha, wodwala nkuuzidwa kuti akagule yekha. Tidziwanso kuti m'madera ambiri chipatala chapafupi ndi cha mishoni, monga Nkhoma, Mua, Ekwendeni kapena Malamulo, ndipo kumeneko munthu amalipira. Lamulo la penshoni la 1 June 2011 linalamula kuti bwana aziika 10 pa 100 ya malipiro, wantchito 5 pa 100, koma ndalama imeneyo ndi yomwenso idzagule ufa, sopo ndi feteleza. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100, ndipo popeza mankhwala ambiri amachokera kunja, mitengo yake inakwera.

Tsono popita ku bungwe la inshuwalansi, kaya ndi MASM kaya lina, tisakopeke ndi mapepala okongola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tifunse mafunso asanu, ndipo mayankho atipatse olembedwa.

Loyamba, kodi mumalandira munthu wa zaka zanga, ndipo kodi ndingapitirize khadi la ku ntchito m'dzina langa? Kupitiriza nkwapafupi kuposa kuyamba mwatsopano munthu atakalamba.

Lachiwiri, kodi matenda amene ndili nawo kale mudzalipira? Shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafuna mankhwala mwezi ndi mwezi mpaka moyo wonse. Khadi lokana matenda amenewa silithandiza nkhalamba. Ndipo ife tisabise matenda polembetsa, chifukwa bodza likadziwika adzakana kulipira tili kale pa bedi.

Lachitatu, ndidikire miyezi ingati ndisanayambe kuthandizidwa? Mabungwe otere amaika nthawi yodikira, makamaka pa opaleshoni, monga ya ng'ala m'maso kapena ya kutsekeka kwa mkodzo kwa abambo okalamba.

Lachinayi, mumalekeza pa ndalama zingati pa chaka, ndipo ndi gawo lotani limene ndidzalipira ndekha? Ambiri amadabwa pa windo la chipatala pouzidwa kuti awonjezere za m'thumba.

Lachisanu, ndipo kwa ife a kumudzi ndilo lalikulu, ndi zipatala ziti za m'boma lathu zimene zimalandira khadi lanu? Khadi logwira ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe kokha lilibe phindu kwa mayi wokalamba amene wakomoka usiku, mvula ikugwa, mlatho utakokoloka.

Tikamva zonsezi tiwerengere penshoni yathu mosadzinamiza. Ndalama yolipira khadi imakwera, ndipo wolephera kulipira amachotsedwa. Nkwabwino kutenga khadi laling'ono limene tingalipire zaka zonse kusiyana ndi lalikulu lotithera m'manja chaka chachiwiri. Mkazi wa m'nyumba alembedwe nawo, asaiwalike. Ana athu a m'tauni amene amathamanga ndi bokosi lodula pa maliro, ayambe lero kusonkha za khadi la makolo awo akali moyo.

Nanga alimi amene sanalembedwepo ntchito? Iwo apatule mbuzi kapena matumba a chimanga a tsiku la matenda, ndipo magulu athu a banki m'khonde akhale ndi thumba lapadera la ulendo wa ku chipatala.

Pa msonkhano ukubwerawu aliyense amene ali ndi mapepala a inshuwalansi abwere nawo. Aphunzitsi a m'nthambi muno adzawerenga mzere ndi mzere ndi kumasulira m'Chichewa, pamaso pa onse. Safunsa anadya phula.

Mlembi wa Nthambi