Wotsogolera masewero aphunzire kumvetsera

Mwana wanu akaitana anzake kukhala patebulo ndi madayisi, pensulo ndi mapepala, musathamangire kuganiza kuti ayamba juga. Mwina akusewera Dungeons & Dragons, masewero omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America m'chaka cha 1974.

M'masewerowa, mmodzi amakhala wotsogolera. Iyeyo ndiye amafotokoza dziko, adani ndi zovuta, pomwe anzake amasankha chochita. Dayisi ya mbali 20 ndiyo imagamula ngati zomwe ayesa zatheka kapena ayi.

M'zaka za m'ma 1980 makolo ena ku America adawaopa masewerowa powaganizira za usatana. Ife tikuti yambani mwakhala nawo pansi n'kuona nokha, musanaweruze.

Kwa wotsogolera watsopano, langizo lathu ndi ili: nkhaniyo si yanu nokha. Ambiri amakonzekera usiku wonse, ndiye anzawo akapatuka panjira yomwe adalemba, amakwiya. Apa ndi pomwe gulu limapasukira. Agogo athu poimba nthano ankadikira "tili tonse", chifukwa nthano yopanda ovomera siikoma.

Yambani ndi nkhani yaifupi. Lamulo likakusokonezani, gamulani mwachilungamo n'kupitiriza, buku mukaliona pambuyo. Osakondera mnzanu wapamtima, ndipo wamanyazi uja mumfunse: "Nanga iwe uchita chiyani?"

Mwana wophunzira kumvetsera anzake patebulo sadzavutika kutsogolera anthu akadzakula. Paja mutu umodzi susenza denga.