Kukhukhuluza tayala si ukatswiri

Mukaonera mavidiyo a okwera njinga za m'mapiri, mumaona munthu akutsika mtsetse, n'kugwira buleki yakumbuyo mwamphamvu mpaka tayala kuleka kuzungulira, fumbi koboo! Ambiri amaombera m'manja. Ine ndikuti ameneyo akulakwitsa physics, komanso akuwononga njira.

Tiyeni titenge chitsanzo cha ku Tokai, mbali ya Table Mountain National Park mumzinda wa Cape Town. Kumeneko kuli tinjira tafumbi tokwera ndi kutsika, timene anthu amapalasamo njinga m'masewera a cross-country, omwe adalowa mu Olympics mu 1996 ku Atlanta. Moto wa mu Marichi 2015 utawotcha phirilo, tinjirato tidatsekedwa kwa nthawi yoposa chaka, chifukwa nthaka yopanda zomera sichedwa kukokoloka.

Tsopano masamu. Tinene kuti wokwera pamodzi ndi njinga yake akulemera makilogalamu 80. Akatsika kuchoka pamwamba mamita 100, potential energy imene wataya ndi mgh, kutanthauza 80 × 10 × 100, yomwe ndi majoule 80,000. Mphamvu simangosowa ayi, imangosintha maonekedwe. Ndiye funso n'lakuti, ikupita kuti? Ina imathera polimbana ndi mphepo. Koma yambiri amaichotsa ndi mabuleki. Tayala likamazungulira, buleki imakhuzana ndi chitsulo ndipo mphamvuyo imasanduka kutentha. N'chifukwa chake chitsulocho chimawotcha mukachigwira mutatsika phiri. Koma tayala likaima n'kumakhukhuluzika, buleki siikukhuzananso ndi kanthu. Kukhuzana konse kwasamukira pakati pa tayala ndi dothi, ndipo mphamvu ija ikugwira ntchito yokumba nthaka. Kangalande kakayamba, madzi a mvula, imene ku Cape Town imagwa kwambiri mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, amatsata momwemo n'kukakulitsa.

Mwina mukuti, "Komatu aphunzitsi, kukhukhuluza kumathandiza kuima msanga." Pamalo olimba si choncho. Static friction, ya tayala logwira pansi bwinobwino, ndi yaikulu kuposa kinetic friction, ya tayala loterereka. Chinanso, tayala loterereka siliwongoleka. Komanso mukagwira mabuleki, kulemera kumasamukira kutsogolo, tayala lakumbuyo n'kupepuka. Choncho buleki yoimitsa kwambiri ndi yakutsogolo, ija ambiri amaiopa. Chofunika n'kuigwira pang'onopang'ono, thupi mutalibweza kumbuyo kwa chishalo kuti musagubuduke.

Musaiwalenso liwiro. Kinetic energy ndi ½mv². Pa mamita 5 pa sekondi, wokwera uja ali ndi majoule 1,000. Pa mamita 10 pa sekondi ali ndi 4,000. Liwiro langowirikiza kawiri, koma mtunda woti aime wawirikiza kanayi. M'paki mmene mumayendanso ana ndi okalamba, kusiyana kumeneku kungapulumutse munthu.

Ena amati njinga azingoziletsa m'mapaki basi. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma sindigwirizana nawo. Anthu a mumzinda amafunika malo olimbitsira thupi, ndipo amene amakonda phiri ndi amene amadzaliteteza. Chowononga kwambiri si njinga, koma kagwiridwe ka mabuleki ndi kupalasa dothi likadali lonyowa. Ndiye atseke njira mvula yamphamvu ikagwa, akumbe tingalande topatutsa madzi, ndipo okwera aphunzire kuchepetsa liwiro asanafike pokhota.

Inunso mutha kuyesa. Pezani malo athyathyathya opanda magalimoto, valani chipewa choteteza mutu, ndipo jambulani mzere pansi. Palasani pang'onopang'ono pa liwiro lofanana katatu, mukugwira buleki pamzerepo: koyamba yakumbuyo yokha, kachiwiri yakutsogolo yokha mosamala, kachitatu zonse ziwiri. Yezani mitunda itatuyo ndipo muyang'ane kuti ndi iti yasiya chipsera chachikulu panthaka.