Mpando wa pulasitiki pa maliro a ku Ngara

Mwezi wathawu tinali ndi zovuta kwathu ku Ngara. Nditangofika pa siwa, mnyamata wina anandithamangira, nkundilanda chikwama, nkundilondolera pansi pa tenti pomwe anandanda mipando ya pulasitiki. "Khalani apa, bwana." Ndinakhaladi. Kumanja kwanga aphunzitsi awiri, kumanzere mkulu wina wa ku chipatala. Nditaponya maso kunja kwa tenti ndinaona asibweni, alongo awo a mayi anga, ali khale pa chipika, dzuwa likuwaswa pamutu. Bokosi anagula ndi iwowo. Ufa, ndiwo, mafuta a galimoto yonyamula thupi, iwowo. Ine chipepeso changa chinali chochititsa manyazi, ndipo nachonso ndinachita kubwereka.

Asibweni sukulu analekezera sitandade 6. Ali ndi chilimira, maboti awiri a injini, mathandala oyanikapo usipa, ndi anyamata oposa khumi omwe amadya kudzera mwa iwo. Ine ndili ndi digiri, ngongole ya fizi yomwe sindinayambe kubweza, ndi chipinda cha lendi ku Lilongwe chomwe eni ake amandiimbira foni mwezi usanathe. Koma mukafunsa anzanga omwe timakanganirana pa Facebook kuti pa awirife wa middle class ndani, aloza ine mosaphethira. Ndikukana. Mpando uja ndinaukhalira chifukwa cha Chizungu basi.

Mawu amenewa tinabwereka kwa Angerezi, ndiye tiyeni tione kaye kwawoko. Mu 2013 BBC inatulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu, Great British Class Survey, yemwe anatsogolera ndi akatswiri Mike Savage ndi Fiona Devine. Anthu oposa 160,000 anayankha mafunso. Akatswiriwo anati kugawa anthu patatu, apamwamba, apakati ndi antchito, sikukukwaniranso, nkutulukira ndi magulu 7, kuyambira pa elite mpaka pa precariat, anthu omwe lero sadziwa za mawa. Anayeza zinthu zitatu: chuma chomwe uli nacho, anthu omwe umadziwana nawo, ndi zomwe umakonda kuwerenga, kumvera kapena kuonera. Ku Britain katchulidwe ka mawu kamaulula sukulu yomwe munthu anapita, nzoona. Koma kawirikawiri kuseri kwa katchulidweko kumakhala nyumba yakeyake, penshoni, ndi makolo omwe adzamusiyire kanthu. Ifeyo tinatengako katchulidwe ndi tayi. Jekete tinavala, matumba tinasiya ku London.

Ndipo sizinayambe dzulo. Mukachoka ku Ngara kulowera kummwera, kudutsa Chilumba mpaka pa Chitimba, pali msewu wokwera ku Khondowe. Kumeneko Robert Laws anakhazikitsa Overtoun Institution mu 1894, ndipo kunatuluka aphunzitsi, abusa, amisiri ndi makalaliki omwe anafalikira mpaka ku Rhodesia ndi ku Joni. Ena mwa iwo, monga Levi Mumba, ndi omwe anayambitsa North Nyasa Native Association mu 1912 konkuno ku Karonga. Sindikuwanyoza, anali amuna olimba mtima, anayankhula nthawi yomwe kuyankhula kunali kuputa mavu. Koma taganizirani malo omwe boma la atsamunda linawakonzera. Kalaliki amaima pakati pa bwana DC ndi anthu akuda, kumasulira uku ndi uku. "Pakati" pathu poyamba panali pamenepo, pa khomo la ofesi ya mzungu. Minda ya tiyi, masitolo akuluakulu, sitima za pa nyanja, zonsezo zinali za ena. Kamuzu atatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, ndi Chilatini ndi Chigiriki chake, anthu nkumaitcha Eton ya mu Africa, anangothira simenti pa maganizo omwewo: munthu wotukuka ndi yemwe wafanana ndi Mngerezi.

Enanso amabwera ndi masamu. Mu 2011 African Development Bank inati wa middle class ndi yemwe amagwiritsa ntchito pakati pa madola 2 ndi 20 pa tsiku, nkulengeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse mu Africa walowa m'gululi. Madola awiri! Oposa theka la anthu amenewo anali pakati pa madola 2 ndi 4, ndipo banki yomweyo inavomereza kuti akungoyandama. Malungo a mwana mmodzi akhoza kuwamiza.

Muyeso wanga ndi wosavuta: malipiro atasiya kubwera lero, mungathe miyezi ingati musanapite kwa wakatapila? Ambiri a ife omwe timanyamula laputopu m'minibasi sitingafike mwezi wachiwiri. Mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ya pa payslip inangokhala chomwecho, ikusungunuka ngati mchere m'madzi. Asibweni nawo analira ndi mtengo wa petulo ndi maukonde, koma anali ndi pokankhira: anakweza mtengo wa ndowa ya usipa. Ine ndikanakwezera ndani?

Musaganize kuti ndikuwapanga asibweni kukhala mngelo, kapena kuti ndikunena kuti sukulu ndi yachabe. Mwera ukakuntha sabata yathunthu maboti amangokhala kumtunda, ndipo usiku umodzi woipa ukhoza kumeza injini ndi ukonde womwe. Chomwe chikundiwawa ndi china. Pomwe ife tikukangana zoti wa middle class amadya pitsa kapena amaonera DStv, mzere weniweni ku Ngara uli poonekera, pa mchenga pompo. Mbali iyi mwini chilimira, mbali inayo alovi ndi siginala yemwe amachezera usiku onse m'bwato ndi nyali kuitana usipa. Kukacha, mwini amayamba wachotsa za mafuta, nkutenga gawo lake, zotsalazo anyamata nkugawana. Pakapanda nsomba alovi amabwerera chimanjamanja, pena ndi ngongole pamwamba. Alibe kalata ya ntchito, alibe penshoni, akamira banja limangolandira chipepeso. Nkhani ya magulu a anthu m'Malawi ndi imeneyo: ndani ali ndi chake, ndani amagulitsa thukuta. Ndipo ndikadziyeza moona mtima, ine wa kontirakiti ya miyezi isanu ndi umodzi ndili pafupi ndi alovi kuposa ndi asibweni. Kusiyana kwake nkwakuti ine ndimanunkhira pafyumu, ndiye ndimachita manyazi kuima nawo pamodzi. Mpando wa pulasitiki ntchito yake ndi imeneyo, kundiiwalitsa mbali yomwe ndili.

Anyamata omwewo ndi omwe anakumba manda tsiku lija. Chakudya chitabwera, mbale zoyamba, za mpunga wa kilombero ndi nyama, zinalunjika ku tenti. Ndinadya, sindinama.

M'mawa mwake asibweni anandiperekeza pa msewu wa M1. Tikudikira galimoto anandikokera pambali, nkundifumbatitsa ndalama zopindapinda, zonunkha usipa. "Mphwanga, thiransipoti iyi. Ukafika utiuze." Sindinakane. Minibasi itaima, kondakitala anayang'ana nsapato zanga, nkuuza mayi wina yemwe anali kutsogolo ndi mwana kuti apite kumbuyo, abwana akhale.