Nero anamuikira maluwa, ifenso tikuchita zomwezo

Agogo anga aakazi amakhala kufupi ndi Bangula. Mpaka lero, akafuna kutchula dzina la Kamuzu, amayamba ayang'ana kukhomo kenako n'kutsitsa mawu. Munthuyo anamwalira pa 25 November 1997 ku Johannesburg, ine ndisanabadwe, koma agogo amanong'onabe m'nyumba mwawo momwe. Ndiye mnzanga wa kuhositelo, wobadwa chaka chimodzi ndi ine, akandiuza motukula chifuwa kuti "dziko lino likufunika Kamuzu wina", ndimafuna kumukweza minibasi, titsike Thabwa, akamve yekha kunong'ona kuja.

Semesita yathayi tinawerenga za Nero, mfumu ya Aroma imene inalamulira kuyambira chaka cha 54 mpaka 68. Anaphetsa mayi ake omubereka, Agrippina, mu 59. Mu 65 analamula mphunzitsi wake Seneca kuti adziphe. Moto utawononga mzinda wa Rome mu 64, iye anakankhira mlandu kwa Akhristu ndipo ambiri anaphedwa mwankhanza. Zonsezi ndinkazidziwa kale pang'ono. Chimene chinandidzidzimutsa ndi zimene wolemba mbiri Suetonius akunena, kuti Nero atafa panali anthu amene kwa nthawi yaitali ankakongoletsa manda ake ndi maluwa. Kunatulukanso anthu onamizira kuti ndi Nero, ndipo anapeza owatsatira. Chifukwa chake n'chosavuta. Nero ankakonzera anthu masewero, anamanga msika ndi malo osambirapo, ndipo moto uja utazima anatsitsa mtengo wa tirigu. Amene anadya tiriguyo anakumbukira tirigu, ndipo amene anaphedwa sanalipo kuti atsutse.

Sindikunena kuti Kamuzu anali Nero. Sanaimbe zeze mzinda ukupsa, ndipo anali munthu wodziletsa pa zambiri. Ndikufanizira ifeyo ndi Aroma oika maluwa aja. Chaka chilichonse pa 14 May timapuma ntchito, akuluakulu amapita kukaika nkhata ku chiliza chake ku Lilongwe, ndipo pa wailesi pamamveka za misewu, zipatala ndi chimanga. Pakangopita masiku anayi, pa 18 May, ofesi zimatsegulidwa ngati tsiku lina lililonse.

Ife a kuchigwa cha Shire tsiku limeneli sitiyenera kuliiwala. Pa 18 May 1983, ku Thambani m'boma la Mwanza, kunaphedwa anthu anayi: Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Atatu oyambawo anali nduna. Chiwanga anali phungu wa ku Chikwawa, wathu. Boma linalengeza kuti anafa pa ngozi ya galimoto pothawa m'dziko. Kafukufuku amene anatsogolera Justice Mtegha pambuyo pa chisankho cha 1994 anapeza kuti anaphedwa ndi apolisi, ndipo ngoziyo inali yochita kukonza. Ndinene chilungamo: Kamuzu ndi anzake anazengedwa mlandu ndipo khoti linawapeza osalakwa mu December 1995. Komabe anthu anayi anafa m'manja mwa boma, m'dziko limene munthu mmodzi anali Pulezidenti wa Muyaya kuyambira 1971, ndipo kwa zaka zoposa khumi boma lomwelo linaumirira bodza. Funsani anzanu a m'kalasi kuti David Chiwanga anali ndani. Ine ndinafunsa asanu, atatu mwa iwo ochokera ku Chikwawa komweko, ndipo anayankha bwino ndi mmodzi yekha.

Palinso Gwanda Chakuamba wa ku Nsanje. Anali nduna, analinso mkulu wa Malawi Young Pioneers, munthu wa m'kati mwenimweni. Mu 1980 anamangidwa pa mlandu woukira boma n'kugamulidwa zaka 22. Anatuluka mu 1993, ndipo chaka chotsatira anaima limodzi ndi Kamuzu pa chisankho ngati wachiwiri wake. Ena amatenga nkhani iyi ngati umboni woti Kamuzu sanali woipa kwenikweni, poti ngakhale womangidwayo anabwerera. Kwa ine ikuonetsa dziko limene ngakhale wokhulupirika kwambiri sankadziwa ngati mawa agona kunyumba kwake. Ngati zinatero kwa nduna, mlimi wa thonje wa ku Ngabu akanadandaula kwa ndani?

Mfundo ya anzanga ndimaidziwa, ndipo si yopusa. Amati taonani mlatho wa Kamuzu pa Shire ku Chikwawa, taonani minda ya nzimbe ku Nchalo, taonani yunivesite imene mukuphunziramo inuyo, yomwe inatsegula zitseko mu 1965. Amati nthawi imeneyo kwacha inali ndi mphamvu ndipo mbava zinkaopa. Amati atsogoleri obwera pambuyo pake anaba mopanda manyazi, mpaka Cashgate ya 2013. Zambiri mwa izi n'zoona, ndipo inenso zimandipweteka ndikaona anthu akwathu akugona m'misasa madzi akasefukira, ngati mu 2015 ndi mu 2023, thandizo likuchedwa. Koma kumanga mlatho ndi ntchito ya boma lililonse, ndipo ndalama zake zinali misonkho ya makolo athu ndi ngongole za dziko. Mlathowo sunafunikire kuti Mboni za Yehova ziletsedwe mu 1967 n'kuthamangitsidwa m'midzi mwawo mu 1972. Sunafunikire kuti mayi abwezedwe pa chipata cha msika chifukwa alibe khadi ya chipani, kapena kuti Jack Mapanje akhale ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Amene amati chitukuko chinabwera chifukwa cha mantha atiuze kuti ndi msewu uti umene ukanalephereka Chiwanga akanakhala moyo.

Ndipo tikamadandaula za atsogoleri a lero, tifunse kuti anaphunzira kuti. Kuvinira mtsogoleri, kumuombera m'manja asanamalize chiganizo, kuona boma ngati munda wa chipani, zonsezi sizinayambe mu 1994. Madzi saiwala khwawa. Mankhwala amene anzanga akufuna ndi omwewo amene anatidwalitsa.

Chodabwitsa n'chakuti Kamuzu ankakonda kwambiri Chilatini. Ku Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama, ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki mokakamizidwa. Mabuku omwewo amene ankawalemekeza ndi amene anasunga mbiri ya nkhanza za mafumu a Aroma. Tacitus ndi Suetonius analemba mayina a ophedwa, n'chifukwa chake patapita zaka pafupifupi 2,000 timamudziwa Nero ngati wakupha osati womanga msika chabe. Ife tili ndi mboni zamoyo, koma zikukalamba ndipo sitikulemba.

Sindikupempha kuti tigwetse chiliza kapena kufufuta dzina pa mlatho. Mu January 1996 Kamuzu mwini anapepesa kwa amene anazunzika mu ulamuliro wake, choncho omuteteza a lero asamukanire zimene iye sanakane. Pempho langa ndi lakuti pa 18 May pakhale mwambo wa boma wolemera ngati wa pa 14 May, kuti pa boma la Chikwawa pakhale chikumbutso cha David Chiwanga chimene mwana wa sukulu angawerenge, ndi kuti ife ophunzira mbiri titenge mafoni athu tikajambule mawu a agogo athu nthawi isanathe. Holide ikubwerayi ndikayamba ndi agogo anga ku Bangula. Ndikudziwa kuti akayamba ayang'ana kukhomo, ndipo zimenezonso ndikazilemba.