Ziloboti ziwiri za ku Japan ndi mawu omwe bambo adasiya

Awerengi, sabata ino ndiloleni ndisiye kaye nkhani za mayeso ndi kuchepa kwa madesiki, ndikambeko za makatuni. Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mitu kuti mphunzitsi wamkulu ndevu pepeya angatayire bwanji nthawi pa zidole za ana. Khalani nane pang'ono.

Ana anga a Fomu 3 ukawafunsa za makatuni a ku Japan amatchula Naruto ndi Dragon Ball, amene amakabenetsa pa tauni n'kumaonera pa foni. Ukatchula loboti, ambiri amaganiza za magetsi apamsewu aja. Koma ku Japan kuli mtundu wonse wa makatuni okamba za ziloboti zitalizitali ngati nyumba zosanja. Otchuka ndi Gundam, yomwe idayamba mu 1979, ndi Evangelion ya mu 1995. Mumthunzi wa awiriwa mudabisika ena awiri omwe mnzanga adandikopera pa kompyuta tili ku koleji ya uphunzitsi: Giant Robo ndi The Big O. Ndawaoneranso tchuthi chapitachi, usiku, batire ya sola ikalola.

Awiriwa amafanana ngati ana a mimba imodzi. Ziloboti zake n'zolemera, zoyenda mwaulesi, zooneka ngati adaziumba ndi zitsulo za sitima yakale. Sizithamanga mothyola khosi, koma chibakera chimodzi nyumba imagwa. Konse kuwiri mwini loboti amaiitana polankhula pa wotchi yapamkono. Kufananaku si kwangozi, chifukwa Kazuyoshi Katayama, yemwe adatsogolera The Big O, adagwirako ntchito pa Giant Robo.

Tsoka lawonso n'lofanana. Giant Robo, yotsogoleredwa ndi Yasuhiro Imagawa kuchokera ku nthano zojambula za Mitsuteru Yokoyama, ili ndi magawo 7 okha, koma gawo loyamba lidatuluka mu 1992, lomaliza mu 1998. Oonera ambiri adatopa kudikira. The Big O idayamba mu 1999 ndi magawo 13, anthu a ku Japan sadaikonde kwenikweni, mpaka idalekezera panjira. Idapulumukira ku America komwe kanema wa Cartoon Network adaionetsa mu 2001, anthu n'kuikonda, ndipo kanemayo adathandiza ndalama kuti magawo ena 13 atuluke mu 2003.

Tiyambe ndi Giant Robo. Dziko lonse lasiya mafuta ndipo likudalira chipangizo chatsopano chotchedwa Shizuma Drive, chopereka mphamvu popanda utsi. Zaka khumi m'mbuyomo, poyesa chipangizochi, padachitika ngozi yomwe idafafaniza dziko la Bashtarle, ndipo mlandu wonse adausenzetsa katswiri wina, Franken von Vogler. Tsopano mwana wake, Genya, wabwera ndi chimpira chachikulu chakuda choyandama mumlengalenga, chomwe chimazimitsa magetsi kulikonse komwe chadutsa, kuyambira ku Paris. Ife amene mdima timaudziwa bwino sitifunika kutifotokozera kuti mzinda umakhala bwanji magetsi akathima. Wolimbana naye ndi Daisaku Kusama, mnyamata wa zaka 12, yemwenso bambo ake pomwalira adamusiyira chiloboti ndi funso lovuta loti aliyankhe pa moyo wake.

Amene simufuna kudziwiratu mathero, lumphani ndime ino. Genya adamva mawu otsiriza a bambo ake akuti Shizuma aimitsidwe, iye n'kuyesa kuti akumutuma kubwezera. Zaka khumi adakonzekera, anthu ambirimbiri adafa, mpaka adawombera mlongo wake weniweni, Ginrei. Pamapeto pake uthenga womwe bamboyo adajambula ukumveka, ndipo zikudziwika kuti adapeza vuto m'chipangizo chija lomwe likadapha anthu onse, ndipo zomwe adasiyira ana ake zidali mankhwala okonzera vutolo. Mnyamatayo adaononga dziko pomvera bambo ake, koma adawamva molakwika.

The Big O imayambira mbali ina. Mumzinda wa Paradigm aliyense adaiwala zonse zaka 40 zapitazo. Palibe wodziwa makolo ake kapena chomwe chidachitika. Olemera amakhala m'kati mwa zimadenga zikuluzikulu zokhala ndi dzuwa lochita kupanga, osauka ali kunja. Mzinda wonse uli m'manja mwa kampani imodzi yotsogoleredwa ndi Alex Rosewater, ndipo kachidutswa kalikonse ka chikumbukiro ndi chuma chomwe anthu amapherana. Roger Smith ndi mkhalapakati wolipidwa, wovala zakuda zokhazokha. Amayamba ndi kukambirana, ndipo zokambirana zikakanika m'pamene amaitana chiloboti chake kuchokera pansi pa nthaka. M'nyumba mwake muli mkulu womutumikira, Norman, ndi Dorothy, mtsikana yemwe ndi makina koma pakamwa pake sipatuluka mawu onyengerera.

Kusiyana kwawo kwagona apa. Mu Giant Robo anthu akuvutika chifukwa chogwiritsitsa mawu a akufa omwe sadawamvetse. Mu The Big O akuvutika chifukwa akufa sadawasiyire mawu alionse, choncho wamphamvu ndiye amawauza mbiri yawo. Alex amadzitcha mwini mzinda chifukwa ndi mwana wa Gordon Rosewater yemwe adaukhazikitsa, pomwe nkhalambayo idangodzikhalira kumunda kulima matimati. Konse kuwiri ana akumenyanirana zomwe bambo adasiya, ndipo chiloboti changokhala katundu wamasiye wolemera kuposa womulandira.

Nkhanizi zidandikhudza chifukwa kwathu tili ndi yathu. Bambo anga akumwalira, pambali pawo padali achimwene okha. Adawauza kuti, “Dimba lija lisachoke m'manja mwanu.” Dimbalo bambo adagula okha ndi ndalama za fodya. Achimwene amati “mwanu” ameneyu ndi iwowo, popeza bambo ankawapatsa ulemu ngati mwana woyamba. Achemwali amati “mwanu” ndi tonse ana anayi. Kalata palibe, mboni palibe. Amalume adayesa kutikhazika pansi kawiri, nkhani idafika kwa amfumu, koma papita zaka zitatu achimwene ndi achemwali sapatsana moni, ndipo ana awo, omwe ankadyera mbale imodzi, amalambalalana panjira ya kuchigayo. Onse awiri amalumbira kuti akulemekeza malemu. Nditaona Genya atagwada, atazindikira zomwe bambo ake ankatanthauza, ndidazimitsa kompyuta n'kutuluka panja. Ife uthenga wojambulidwa woti udzatimasule tilibe.

Nanga wopambana ndani? Pa kukoma kwa maso ndi makutu, Giant Robo ilibe mnzake. Zojambula zake n'zapamanja, nyimbo zake adapeka Masamichi Amano ndipo adaziimba ndi gulu la Warsaw Philharmonic la ku Poland. Anthu ake amalira mokweza, amakonda mokweza, amafa mokweza, ngati sewero la pa siteji. Chilema chake n'chakuti anthu ndi ochuluka kwambiri, ena amangotulukira osadziwika komwe achokera, chifukwa Imagawa adatolera anthu a m'nthano zosiyanasiyana za Yokoyama n'kuwaika m'nkhani imodzi.

The Big O ndi yofatsa, yamdima, yonga filimu ya apolisi ofufuza milandu. Magawo 13 oyamba aliyense ali ndi nkhani yakeyake, ndipo ungathe kuonera limodzi usiku uliwonse. Kukambirana kwa Roger ndi Dorothy kumaseketsa popanda phokoso. Koma magawo omaliza amasokoneza mutu. Wolemba wake, Chiaki Konaka, adafunsa mafunso ambiri kuposa omwe adayankha, ndipo ine ndaonera mathero ake katatu koma ndikadakanda m'mutu. Komabe pali chimodzi chomwe ndidatolapo. Roger nayenso sadziwa komwe adachokera, koma amasankha kukhala munthu wosunga mawu ake lero, ndipo nkhondo yake yomaliza amaimaliza ndi pakamwa, pokambirana.

Mukati ndisankhe imodzi, nditenga Giant Robo, chifukwa imamaliza zomwe idayamba ndipo imapweteka pamalo oyenera. The Big O ndimaipereka kwa amene amapirira mafunso opanda mayankho.

Kusukulu ndimaphunzitsa mbiri yakale, ndipo temu ino ndapatsa ana anga ntchito yoti aliyense akakhale ndi agogo ake, awafunse komwe mtundu wawo udachokera ndi momwe adapezera malo omwe akulimapo, alembe m'kope, kenako awawerengere kuti agogowo avomereze kuti n'zomwe anenadi. Mtsikana wina adabwerako n'kundiuza kuti agogo ake adamukonza malo atatu. Ndidamuuza kuti kopelo alisunge kuposa satifiketi.

Makolo amene mukuwerenga, zomwe mukufuna kuti zidzachitike ndi munda, nyumba kapena ng'ombe, nenani ana onse ali pomwepo, mukadali ndi mphamvu, ndipo zilembedwe. Ine Loweruka likubwerali ndikukwera njinga kupita kumudzi. Ndawapempha achimwene ndi achemwali kuti tikakumane kwa amalume, ndipo onse avomera, ngakhale aliyense wafunsa kaye ngati mnzakeyo akabwere.